Fayilo Imene a Tsegulani Sanaitsegule

Alamu anga, amene anakwatira mchemwali wanga wamng'ono, akonza mawotchi zaka makumi anayi pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pokwerera basi. Ofesi yawo ndi kabokosi kagalasi, kampando ka miyendo itatu, ndi kagalasi kokulitsa zinthu kamene amakapanira padiso mpaka kuoneka ngati alumidwa ndi njuchi. Dzina lawo lenileni anthu anaiwala. Onse amati a Tsegulani, chifukwa munthu akayamba kufotokoza vuto la wotchi yake iwo amamudula pakamwa: "Musandiuze. Titsegule kumbuyo. Nkhope ya wotchi imanama."

Khalidwe limeneli analitengera kunyumba. Mchemwali wanga akagula nsapato, iwo amazitembenuza kuona kunsi. Mwana akabwera ndi lipoti la kusukulu, ankaliunika padzuwa kuona ngati pafufutidwa. Ana awo ndi awiri, onse akuluakulu tsopano: wamwamuna ndi makaniko wokonda botolo, wamkazi ndi namwino, mwana wawo wapamtima.

Namwinoyo atabwera ndi dalaivala wa lole n'kunena kuti ameneyu ndiye akufuna kumanga naye banja, alamu anasowa potsegula. Munthuyo anali waulemu, wosalankhulalankhula, malaya osita bwino. Apa ndi pamene ndinalowererapo ine, ndipo ndikuvomera, moto unayambira pakamwa panga.

"Alamu," ndinatero, "munthu woyenda misewu yonseyi angakhale wopanda kamlandu? Kukhoti amasunga zonse, ndipo aliyense atha kukafunsa."

Ine ndinkangowaseleula. Iwo anakhoma kabokosi kawo dzuwa lili pamutu, n'kundikokera kukhoti.

Kofunsira milandu yakale n'kuseri kwa khoti, kupitirira poimika njinga. Pali benchi, windo la zitsulo, ndi fungo la mapepala onyowa n'kuumanso. Mayi kalaliki wa magalasi anatipatsa fomu: dzina la munthu wofufuzidwa, dzina lathu, ndi chifukwa. Ndinalemba ndine, poti sukulu ndinaisiya nditadziwako kulemba kalata. Pa chifukwa ndinalemba kuti "kufuna kudziwa basi".

Mayiyo anagogoda kompyuta yake, n'kulemba nambala pakapepala.

"Dzinali lilimo pa mlandu umodzi wa zaka ziwiri zapitazo, wakuba batire ya galimoto. Koma mumvetse bwino, bambo. Makinawa amangoonetsa kuti dzina lilimo. Sanena ngati munthuyo anali woimbidwa mlandu, wodandaula kapena mboni. Fayilo ili kosungira. Lembani pempho, mubwere pakatha masiku atatu mudzawerenge."

"Masiku atatu a chiyani, mayi? Batire sidziba yokha," anatero alamu, kapepala kali kale m'thumba.

Chenjezo lija ine ndinalimva bwinobwino. Ndikanawagwira malaya. Koma nkhani inali yokoma, ndipo pobwerera ndinaisiyako kwa wometa tsitsi, amene sasunga kanthu m'kamwa koposa mphindi ziwiri.

Lamulungu masana dalaivala uja anabwera kudzacheza, banja lonse lilipo, nanenso ndinadzipezera mpando wabwino. Alamu anatulutsa kapepala n'kukamenyetsa patebulo.

"Mwana wanga sakwatiwa ndi mbala ya mabatire."

Dalaivalayo anawerenga nambala ija. Anayang'ana namwino, kenako makaniko, amene mwadzidzidzi anatanganidwa ndi zikhadabo zake. Ndiye anaimirira, nati, "Zikomo bambo, ndamva," n'kutuluka. Mchemwali wanga anathawira kukhitchini.

Namwino sanalire.

"Bambo, fayiloyo mwaiwerenga?"

"Nambala ndi iyi."

"Ndafunsa ngati mwatsegula kumbuyo."

Mwanayo anatembenukira kwa ine.

"Malume, poti ndinu mlembi wawo, mawa mukalembe pempholo. Tsiku lowerenga tipita atatu."

Tinapitadi. Fayilo salola kutuluka nayo, umawerengera pakatebulo kalaliki akukuona. Inali yopyapyala, yomangidwa ndi kachingwe. Ndinawerenga mokweza, chala chikutsogolera.

"Wodandaula..." Linali dzina la dalaivala uja.

"Woimbidwa mlandu..." Apa ndinatsokomola.

"Werengani, malume. Kunyumba kuja mawu munali nawo."

Linali dzina la makaniko, mwana wa alamu, dzina la bambo ake lili pambali pake m'zilembo zazikulu. Kumapeto kunali kalata ya pamanja. Dalaivalayo ankapempha khoti kuti mlandu uthe poti batire yabwezedwa, ndipo anawonjezera kuti wamva kuti bambo wa munthuyo ndi mkulu wolemekezeka, sakufuna kuti achite manyazi paukalamba wawo.

"Ndinapita ndine kukamupepesa," anatero namwino. "Ndi mmene tinadziwirana. Sabata ija munauzidwa kuti achimwene akukonza thirakitala kutali, anali m'chitokosi. Amayi akudziwa. Mwini batireyo analonjeza kuti simudzamva kuchokera pakamwa pake, ndipo mwaona nokha, mwamutchula mbala pamaso pa mbala yeniyeni, iye osayankha."

Alamu anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kuchivulanso. Makutu anga ankatentha ngati ndagonera mbaula.

"Mukufuna kope la mapepalawa?" anafunsa kalaliki.

"Ayi mayi," anatero alamu, mawu akutuluka ngati a mwanapiye. "Tawerenga."

Masiku atatu kabokosi ka mawotchi kanali kokhoma. Tsiku lachinayi alamu anabwera kwanga.

"Munandiperekeza kokalakwa, mundiperekezenso."

Dalaivalayo tinamupeza kumene amaimika malole, atagona pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Alamu anaimirira pamenepo, chipewa chili m'manja, kulankhula ndi nsapato za munthu.

"Mwana wanga... ndabwera ine. Ndinawerenga mochedwa."

Dalaivalayo anatuluka, n'kupukuta manja nthawi yaitali.

"Bambo, za batire ndinaiwala kalekale. Izi ndiye zandipweteka." "Koma mwana wanu ndimamufunabe, ngati iye akundifuna. Inu ndiye mukamufunse, ine ndilibe naye mlandu."

Kumeneko ndiye kunali ntchito. Mwezi wathunthu namwino ankadutsa tsidya lina la msewu popita kuchipatala, osayang'ana pakhonde la bambo ake. Alamu ankamuona ndi diso limodzi, linalo lili m'kagalasi, wotchi m'manja osaikhudza. Kenako m'mawa wina namwinoyo anawoloka, anavula kawotchi kake ka pachifuwa kamene amawerengera kugunda kwa mtima wa odwala, n'kukaika pagalasi.

"Kakuchedwa."

Alamu anakatsegula, anakaunika, anakatsekanso. Anandiuza pambuyo pake kuti kanalibe vuto lililonse.

Anakwatirana, ali ndi mwana mmodzi. Alamu akadali pakhonde pomwepo, ndipo amanenabe kuti titsegule kumbuyo, koma ine ndikakhalapo amanena chapansipansi. Awo zinawathera. Ine ayi. Mpaka lero lole ya mkamwini wawo ikamadutsa, wometa tsitsi amaloza ndi lumo, nati, "Uyo wa batire uja." Ndamuuza kakhumi kuti munthuyo ndiye anaberedwa. Amangondiyang'ana pagalasi, lumo lili pakhosi panga.

"Koma madala, munandiuza ndinu."