Kabokosi Kokweza Mawu a Amayi

Amayi atamwalira, ababa anatsala ndi chinthu chimodzi chimene ankachisamala kuposa mankhwala awo. Inali mbale ya galamafoni imene kwaya ya kutchalitchi kwathu inajambulitsa amayi akadali mtsikana. Ankati mawu a amayi amamveka pamwamba pa onse. Ife ana sitinayimvepo, chifukwa galamafoni yakale inafa tisanakule.

Achimwene anga a ku Joni atamva zimenezi anatumiza galamafoni yatsopano pa basi, yolemera ngati mwala wa mphero, yonyezimira moti ndinkaopa kuyipukuta. Ndinayilumikiza ku masipika, ababa atakhala pampando atavala jekete ngati tsiku la mgonero. Chimene chinatuluka chinali kulira kwa udzudzu. Makutu anali atayamba kale kuwavuta ababa, ndiye anangonditembenukira n'kufunsa, "Kodi wayatsa?"

Pafoni achimwene anati pakusowa kabokosi kokhala pakati pa galamafoni ndi masipika, kokweza mawu ochokera ku singano. Anati ndisayerekeze kugula ndekha, asankha okha.

Koma nthawi tinalibe. Ababa anali mkamwini pamudzi pathu pano ku Domasi, ndipo amalume anali atanena kale kuti tikakolola mpunga adzawasudzula, abwerere kwawo kuseri kwa Naisi. Sikunali kuwathamangitsa ayi, ndi mmene timachitira, abale awonso ankawafuna. Vuto linali lakuti kwawoko kulibe magetsi.

Tsiku lina ndinatsika minibasi pa Songani n'kufotokozera munthu wokonza mawayilesi. Anasolola chiampulifaya chafumbi pansi pa tebulo.

"Achemwali, ichi n'cha m'zikwati, koma kumbuyoku chili ndi polowetsa galamafoni. Chimang'ung'udza, sindikunamizani, koma madalawo amva. Tengani, mudzabweza."

Ndinaimbira achimwene ndili pomwepo.

"Iwe, usiye chimenecho!" anakalipa. "Singano imene ija imafuna kabokosi kakekake. Ukufuna amayi amveke ngati ali m'chigayo?"

Ndinachisiya. Galamafoni inali yawo, ndipo ine mphamvu zokangana zinali zitandithera pa maliro.

Kenako achimwene anayamba kutumiza zithunzi za timabokosi. Ndili kumunda, matope mpaka m'maondo, ndikukuwiza mbalame pa mpunga, foni inkangolira. Aka akuti kamatulutsa mawu ofunda. Aka n'kachete koma kouma. Aka n'kabwino koma sikagwirizana ndi singano. Ankandifunsa maganizo anga, ine amene mawu ofunda sindikuwadziwa mpaka lero. Ndinatopa. Ndinatopa ndi mbalame, ndinatopa ndi timabokosi tofanana tonse, ndinatopanso ndi ababa amene m'mawa uliwonse ankafunsa ngati basi ya ku Joni yafika. Ndikawauza achimwene kuti mpunga wacha, ankati zinthu zabwino sathamangira, amayi ayenera kumveka bwino.

Tinakolola. Abale a ababa anabwera, anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango, mawu oyenera ananenedwa, ababa anasudzulidwa. Katundu wawo anakwana pa njinga ziwiri za kabaza. Potuluka m'nyumba ndinawaona akukulunga mbale ija m'chitenje cha amayi.

"Ababa, isiyeni imeneyo. Kabokosi kali m'njira, mudzabwera kudzamvera."

"Miyendo yake iti?" anatero. "Kumeneko sindikayimva, ndikudziwa. Koma amayi ako ndawasiya kale kumanda, sindingawasiyenso m'kabati."

Ndinawathandiza kumanga mfundo ya chitenjecho.

Kabokosi kanafika mpunga titapuntha kale, kakang'ono, kokwana m'manja. Ndinakalumikiza, kanayaka, galamafoni inazungulira yopanda kanthu. Madzulo achimwene anaimba ali ndi chimwemwe, kufunsa kuti amayi akumveka bwanji. Ndinawauza kuti mbale inapita ndi ababa.

Anati palibe vuto, ayamba kufufuza za sola yabwino yoti tikaike kwa ababa, yosasokoneza mawu, ndipo atumiza zithunzi ndithandize kusankha.

Ndinazimitsa foni, ndinazimitsa galamafoni, n'kuyifunditsa nsalu ya patebulo kuti isalowe fumbi.