Kampira Kagalasi ka a Verduin

A Krijn Verduin anakhala zaka makumi anayi m'nyumba yathu yosanja ya m'mbali mwa ngalande, mumzinda wa Gouda, pansi, khomo loyandikana ndi langa. Anali kalipentala, ndipo ngakhale atapuma ntchito pensulo sinkachoka kukhutu. Tilimo mabanja asanu ndi atatu, lililonse linagula mbali yake, ndipo mwezi ndi mwezi timasonkha ndalama zosungira tsiku limene chachikulu chidzawonongeke.

Msonkhano wa pachaka unkachitikira pabalaza pawo. Khofi akangothiridwa, iwo ankatulutsa kampira kagalasi m'jekete n'kukaika pansi pakhomo. Kankagubuduka kokha mpaka kukhoma la kungalande. Ankawerenga masekondi mokweza n'kulemba kuseri kwa chitseko.

"Mitengo imene anakhomera pansi kuti inyamule nyumbayi ikuwola," ankatero. "Madzi apansi atsika, mitu yake yauma. Tiwonjezere mayuro 60 pa ndalama zosonkha pamwezi."

"Achikulire, mwayambanso masewera a ana?" anatero mayi Slootweg, apampando athu, chaka chatha. "Nyumba zonse m'Gouda muno n'zopendekeka. Inunso mwapendekeka, koma sitikusonkherani."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, poti mwana wanga Fenna anali ndi miyezi itatu ndipo mayurowo anali a matewera. Tinakweza manja: asanu ndi awiri kukana, limodzi kuvomera. Zimene tinasunga tinapentera mawindo ndi kugula mabokosi atsopano a makalata, chifukwa zimenezo zimaoneka.

Potuluka a Verduin anandigwira mkono. "Mwanawe, ife apansi ndi amene tidzayambe kumva."

Anamwalira mu Januwale. Mwana wawo anandipatsa kampirako m'envulopu yolembedwa dzina langa, n'kundilola kuona kuseri kwa chitseko chija. Mzere woyamba unali masekondi khumi ndi anayi. Womaliza, asanu ndi limodzi.

Chilimwe chino mvula sinagwe. Chitseko cha kuchipinda kwa Fenna chikukana kutsekeka, ndipo bambo ake achipala kawiri. Lachiwiri ndinasiya kangolo ka mwana pakhomo osamanga mabuleki, n'kulowa kukhitchini kukatenthetsa mkaka. Pobwerera ndinakapeza katatsamira khoma la kungalande, Fenna ali mtulo.

Msonkhano uli Loweruka. Ndalembera mayi Slootweg kuti nkhani ya mitengoyo ikhale yoyamba, ndipo uchitikire kwanga kuno. Ayankha kuti zosunga zatsala mayuro 900 basi, ndiponso ndiphike khofi wambiri.

Balaza langa n'lofanana ndendende ndi la a Verduin. M'mawa uno ndaika kampirako pakhomo. Ndawerenga mpaka anayi, kafika kale kukhoma.