Masomphenya a Mbale Nichifor ndi Denga Lodontha

A Nichifor Bodnar sanakhale mkulu wa mpingo wathu chifukwa cha nzeru, ayi. Amuna amene akanatha kutsogolera anthu onse anapita ku Italy kukamanga nyumba za eni, ndiye m'mudzi munatsala nkhalamba, ife amayi, ndi iwowo. Ku Italyko anapondako ndithu, koma anabwerera patangotha milungu isanu, ati Mzimu unawaletsa. Mlamu wawo amati chinawaletsa ndi thumba la simenti.

Ali mnyamata ankagwira ntchito pamakina ochekera matabwa kumtunda kwa mudzi, ndipo anzawo amakumbukira kuti chipika chikabwera chachikulu, m'pamene mtima wa pemphero unkawagwira.

M'tchalitchi mwathu amuna amakhala kumanja, amayi kumanzere, ndipo chiyambire palibe anadumphapo kanjira kapakati. Denga linasankha kudontha kumanzere. Chaka choyamba tinkaika beseni limodzi. Pofika chaka chachisanu ndi chimodzi mabeseni anali asanu ndi awiri, ndipo tinkabwerera kunyumba mipango ili chonyowa ngati tachokera kumtsinje. Amayi sitilankhula pamsonkhano wa mpingo, choncho tinkatuma a Ilarion, nkhalamba yopala matabwa.

"Mbale Nichifor, ndi malata asanu okha ndi misomali. Loweruka limodzi tamaliza."

"Mbale Ilarion, inu mukuona malata, mtsogoleri amaona patali. Tizigamba chinsanza pamene mwina Ambuye akufuna kutipatsa nyumba ya mipando chikwi? Ndiyambe ndafunafuna nkhope yawo."

Mipando chikwi! Tonse pamodzi tilipo makumi anayi ndi atatu, ndipo theka limafika pakhomo likuwefuka.

Kufunafunako kunali kukwera phiri kukasala kudya masiku atatu m'chisakasa cha abusa a nkhosa. Mbusa wake, Toader, si wa mpingo wathu, motero amanena zinthu mmene zilili. "Mkulu wanuyo akayamba kusala kudya," anatiuza, "tchizi changa chimayamba kuonda."

Masomphenya ankabwera nawo ndithu, chaka ndi chaka. Poyamba anaona nsanja. Kenako zitseko zagalasi zotseguka zokha. Chaka china anaona bwalo loimikapo magalimoto, m'mudzi mmene galimoto yoyenda ndi ya wogulitsa buledi. Mulungu wa a Nichifor ankadziwa zonsezi, koma za denga sankazimva.

Chaka chathachi, masamba akuyoyoka, mayi Aglaia, amasiye a zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi zitatu, anagona milungu itatu ndi chifuwa chimene anachitola pabenchi yonyowa. Atadzuka anatipeza kwa a Domnica, akazi a mkuluyo, tikutakasa jamu wa maplamu mumphika waukulu uja timabwerekana.

"Ndikakhalanso pamenepo nyengo yozizira ino mundiika m'manda," anatero. "Anatiletsa kulankhula. Kodi kukhala pansi anatiletsanso?"

A Domnica anangopitiriza kutakasa. "Ine sindinamve kanthu, mlongo. Koma Lamlungu bambo amachedwa ndi kumeta ndevu."

Lamlungulo mvula inayamba m'mawa. Tinalawirira tonse makumi awiri ndi asanu ndi anayi, n'kudzaza mabenchi akumanja. Amuna atafika anaima pakhomo, zipewa zili m'manja, akuyang'anana ngati nkhosa zapeza khola lasinthidwa. Kukhala pakati pa akazi a eni sakanatha, mwambo wake ndi wawo womwe. Mmodzimmodzi anapita kumanzere, akulambalala mabeseni.

A Nichifor analowa pomaliza, Baibulo lili m'khwapa.

"Alongo, chisokonezo chanji chimenechi m'nyumba ya Mulungu?"

Anatembenukira kwa akazi awo.

"Domnica, tayankha iwe!"

"M'tchalitchi sindilankhula, bambo. Mukandifunse kunyumba."

Ola loyamba kwathu ndi la pemphero logwada, ndipo mkulu amagwada pabenchi yoyamba ya amuna. Tsikulo, amuna ali kumanzere, benchi yoyambayo inali ya mayi Aglaia, pomwe pamadontha kwambiri. Dontho loyamba linatera padazi. Lachiwiri linalowa m'kolala. Mawondo a thalauza lawo la ku Italy anamwa madzi mpaka kukhuta. Kumbuyo kwawo a Ilarion ankapemphera mokweza kuposa masiku onse: "Ambuye, tsegulani maso a mtumiki wanu, pakuti denga mwalitsegula kale!"

Mphindi makumi awiri zisanakwane, a Nichifor anadzuka, manja ali m'mwamba, madzi akutsika m'mikono.

"Abale, ndaona! Ambuye andionetsa malata!"

"Angati, mbale?" anafunsa a Ilarion.

"Asanu."

"Aleluya," anatero amuna onse, mano akugwedera.

Lachitatu denga linali litatha, ndipo Lamlungu tinabwerera kumanzere kwathu, pouma. Mayi Aglaia nyengo yozizira anaidutsa osatsokomola n'kamodzi komwe.

A Nichifor akadali mkulu wathu, nanga tisankhe ndani? Masiku ano mipingo yoyandikana nayo imawaitana kukaphunzitsa mmene mtsogoleri amadikirira masomphenya osathamangira, ndipo amati iwo anadikira zaka zisanu ndi chimodzi osatopa. Amayi a kumeneko amatifunsa mwakachetechete kuti tinalawirira nthawi yanji.