Mapiritsi a Kusikelo ndi Impso ya Mlongo Wanga

Chizindikiro choyamba chinali jombo. Mu Juni, chisanu cha ku Dedza chitafika pachimake, jombo zomwe ndinkavala pocheka matabwa zinayamba kundithina. Ndinati n'kuzizira basi. Pofika Ogasiti nkhope inkatupa m'mawa, mkodzo ukuchita thovu, ndipo phiri lomwe ndalikwera moyo wanga wonse linayamba kunditha mpweya. Ndine munthu wamakani, ndivomere. Kuchipatala ndinapita mkazi wanga atachita kundikoka.

Atayeza magazi anati impso zonse ziwiri zaleka kugwira ntchito. Chaka chathunthu ndinkapita ku Lilongwe kawiri pa sabata kukasefedwa magazi pa makina. Tinkadikira pabenchi, kukwera sikelo, kenako kugona maola anayi machubu ali pathupi. Amene anandichotsa pa makinawo ndi mlongo wanga Felesiya, mlimi wa kachewere ku Kabwazi. Magazi athu anagwirizana, ndipo tinatumizidwa ku India komwe anandipatsa impso yake imodzi.

Nditabwerako, dokotala anapeza kuti chinthu china cha m'magazi, chotchedwa homosisitini, chakwera. Anati chimakonda kuchuluka mwa odwala impso ndipo amachikayikira pa matenda a mtima ndi mitsempha. Pamwamba pa mankhwala oletsa thupi kukana impso yatsopano, anawonjezera mavitamini B6, B12 ndi foliki asidi.

"Awa amatsitsa homosisitini," anatero, "koma sindikulonjeza kuti paokha ateteza mtima wanu. Muzimwa onse, ife tizikuyezani."

Vuto linayambira pawindo lolandirira mankhwala. Mayi wina pamzere ataona timapiritsi tachikasu ta foliki asidi m'manja mwanga anaseka. "Bambo, si a kusikelo amenewa? Muli ndi miyezi ingati?" Mzere wonse unafa nacho chiseko. Kwathu aliyense amadziwa kuti timapiritsi timeneti amalandira ndi amayi oyembekezera. Ndinachita manyazi koopsa, bambo wa imvi zake ngati ine. Nditafika kunyumba ndinatiponya m'chitini cha misomali, ndipo mwezi uliwonse ndinkawonjezeramo tina.

Koma munthu ukayamba kusankha mankhwala sulekera pomwepo. Ndinayamba kudumphitsa a kuthamanga kwa magazi ndikadzuka bwino, ndipo kangapo ndinaphonya ngakhale oteteza impso aja. Mu Febuluwale zotsatira za kuchipatala zinaonetsa kuti homosisitini sanatsike, magazi akuthamanga, ndipo impso yayamba kufooka. Namwino anandifunsa ngati ndikumwa onse. Ndinanama.

Anandigwira ndi Felesiya. Anabwera kudzapempha misomali yokonzera khola, natsegula chitini chija. Sanakalipe. Anakhala pakhonde, nakweza bulauzi pang'ono kundionetsa chipsera cha m'nthiti mwake, chinthu chomwe mlongo sachita pamaso pa mchimwene wake.

"Achimwene, ine ndabereka ana asanu, ndipo timapiritsi timeneti ndinamwa popanda manyazi. Impso mwanyamulayo inatizolowera kale. Ngati mwatopa nayo, nenani."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mpeni wa dokotala. M'mawa mwake ndinakwera minibasi, chitini chili m'chikwama, ndipo ndinakaulula zonse kuchipatala. Dokotala anandilembera nthawi yomwera mankhwala aliwonse, nandiuza kuti ndizibwera pafupipafupi. Sindinaphonyenso. Patatha miyezi itatu homosisitini anatsika ndipo impso inabwerera mwakale.

Lero sindicheka matabwa, koma ndimalima kabichi ndipo ndimayenda wapansi kupita kutchalitchi. Inu amene mapazi akutupa, musadikire miyezi ngati ine, pitani mukayezetse msanga. Mukapatsidwa mankhwala, musasankhe okha amene akukomerani. Ngati ena akukuchititsani manyazi, funsani dokotala, osati anthu a pamzere.

Mwezi wathawu mayi winanso anandiseka pawindo lomwe lija, funso lake lomwe lija. Ndinamuyankha mokweza kuti onse amve: "Zaka ziwiri tsopano, mayi. Ndanyamula impso ya mlongo wanga, ndipo sindiitaya."