Zingwe Zisanu ndi Ziwiri za Kezia

Patapita masiku atatu bambo ake ataikidwa m'manda, Kezia analowa m'chigafa cha fodya kukatenga khasu. Kuseri kwa masaka akale anapeza mabotolo anayi a mankhwala. Onse anali odzaza, osatsegulidwa n'komwe.

Anawazindikira pomwepo. Anali mankhwala opha ululu otchedwa mofini, amene iye mwini ankakatenga kuchipatala pa njinga yobwereka, kukwera ndi kutsika zitunda za ku Bowe. Bambo ake, a Langton, ankadwala khansa, ndipo amayi ake anali atamwalira kalekale. Mwezi ndi mwezi Kezia ankapereka botolo, iwo n'kumati, "Ika pomwepo, ndimwa ndekha." Komabe ankabuula, atafinya bondo ndi dzanja, mpaka tsiku lomaliza.

Kezia ananyamula mabotolowo kupita nawo kwa amalume ake.

"Mankhwalawa ankawaumitsa m'mimba alamu anga," anatero amalumewo. "Sabata yathunthu osapita kuseri. Anaona kuti bola ululu wa matendawo. Ine anandiuza, koma anati iwe usamve."

"Chifukwa chiyani, amalume? Si ine ndinkawasamala?"

"Iwe ndiwe mwana wawo wamkazi. Bambo angakuuze bwanji za kuchimbudzi?"

Kezia analira kuposa mmene analirira pamaliro. Chaka chomwecho zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinatuluka, dzina lake panalibe. Akanakhoza bwanji munthu amene teremu yonse anathera pambali pa mphasa ya wodwala?

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kumwetulira poona kuti nkhani yathu ndi ya kudzimbidwa. Sekani, si mlandu. Ife timatha kukamba za malungo pa minibasi, za shuga pamaliro, koma za kuchimbudzi timameza mawu. Ulemu wathuwu ndi wokoma, ine ndimaunyadira. Koma unapangitsa a Langton kufa ndi ululu mankhwala ali m'chigafa.

Kezia anapita ku Madisi kukagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Dzanja lina likupanga milu, lina linkagwira kope. Analembanso mayeso, masamu anamugwetsa. Anzake a pamsika ankamutcha "aphunzitsi a tomato", iye n'kumaseka nawo ngakhale mumtima zinkamupweteka. Ulendo wachitatu anakhoza. Sanakhoze mochititsa kaso ayi, koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kenako anapeza ntchito yokolopa pachipatala china cha m'deralo. Kumeneko ndi kumene anamva za kafukufuku watsopano. Odwala amene ankamwa mofini ali kunyumba ankadzimbidwa kwambiri, ndipo madokotala ankafuna kudziwa chimene chingawathandize bwino. Ovomera kulowa nawo ankagawidwa pochita maere. Ena ankalandira mapilitsi ofewetsa m'mimba, ena ufa wa nthangala za papaya zoumitsa, woyezedwa pa sipuni. Pankafunika munthu woyenda m'midzi ndi mapepala a mafunso.

Kezia anasiya chokolopera pakhomo n'kukagogoda kwa Mayi Tabita, namwino amene ankayang'anira ntchitoyo.

"Anesi, ntchito imeneyi ndipatseni ine."

"Iwe ukudziwa chiyani za kafukufuku?"

"Palibe. Koma ndikudziwa mmene munthu wobisa amakhalira pampando."

Mayi Tabita anamuyang'ana bwinobwino, ndipo patapita sabata ziwiri za maphunziro anamupatsa njinga ndi chikwama.

Ntchito inaoneka yophweka. Funso loyamba papepalapo linali lakuti, "Sabata ino mwapita kuchimbudzi kangati?" Kezia ankagwada, n'kupereka moni, n'kufunsa. Agogo aamuna ankatsokomola n'kuyamba kukamba za mvula. Agogo aakazi ankaseka chobisa nkhope m'chitenje. Yankho linali limodzi kuyambira ku Dowa mpaka kumapiri a ku Ntchisi: "Zili bwino, mwana wanga." Kenako ankamuthirira mtedza m'chikwama kuti azipita.

Patatha miyezi iwiri, Mayi Tabita anayala mapepalawo patebulo.

"Anthu makumi anayi, onse ali bwino? Nanga tikufufuza chiyani? Akuluakulu akuti mwezi uno ukatha zili chonchi, kafukufuku atsekedwa kuno."

Kezia anadziwa tanthauzo lake. Kafukufuku akatsekedwa, palibenso amene akanakwera mapiri aja sabata ndi sabata kukaona odwala, ndipo mabotolo ena akanayamba kubisidwa m'zigafa.

M'mawa mwake anapalasa njinga kupita kwa a Agustino, mlimi wachikulire wa m'mudzi wina wa m'phiri ku Ntchisi, amenenso ankadwala khansa. Anawapeza pamthunzi akusoka fodya pang'onopang'ono. Anali ataonda kuposa sabata yathayo. Akazi awo anati phala akumangolilawa n'kulikankha.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Zili bwino, mwana wanga."

Poyankhapo, dzanja lawo lamanzere linali litafinya bondo. Kezia analiona dzanjalo. Anali mafinyidwe a bambo ake enieni.

Sanatulutse pepala. Anatola kandodo pansi, n'kupempha chingwe chosokera fodya. Anadula tizingwe tisanu ndi tiwiri, n'kutimangirira pa kandodo kaja motsatana, ngati mmene fodya amalendewera m'chigafa.

"Agogo, ine sindikufunsaninso funso lija. Tizingweti ndi masiku a sabata yathayi. Aka ndi Lolemba, ako kakumapetoko ndi Lamulungu. Tsiku limene munapita kuseri, mangani mfundo pa chingwe chake. Ine ndikupita kukhitchini kukacheza ndi agogo aakazi. Pobwera ndidzangoyang'ana ndodoyi, inu osanena kanthu."

Anakhala kukhitchini nthawi yaitali, akuthandiza kusenda nyemba, maso osayang'ana kunja. Atabwerera, a Agustino anali atatembenuka, akuyang'ana kumapiri. Ndodo ija inali pamphasa. Zingwe zonse zisanu ndi ziwiri zinali zowongoka, popanda mfundo ngakhale imodzi. Pambali pake anali ataikapo botolo la mofini, lodzaza mpaka m'khosi.

Kezia anagwada. Misozi inatsika yokha, ndipo sanaibise.

"Abambo anga anandibisira mpaka kumanda," anatero motsitsa mawu. "Inu mwandiuza. Zikomo, agogo."

A Agustino sanacheuke, koma anatambasula dzanja n'kumugwira paphewa.

"Usalire, mwanawe. Itana anesi ako aja."

Madzulo asanafike, Mayi Tabita anali atafika pa njinga yamoto. Anamuuza Kezia kuti adikire panja, iwo n'kuwathandiza agogowo monga mwa ntchito yawo. Patapita masiku awiri, a Agustino anayambiranso kumwa mofini pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba, ndipo anamaliza mbale ya phala.

Mayi Tabita anatenga ndodo ija n'kukaionetsa kwa akuluakulu oyang'anira kafukufuku. Anthu a masukulu ataliatali anaitembenuza uku ndi uku, ena akuseka. Koma atafunsana mokwanira anavomereza kuti iyesedwe. Nyumba zonse makumi anayi zinalandira ndodo yakeyake, chingwe cha Lamulungu atachinyika mu utoto wofiira kuti masiku asasokonekere. Agogo aja amene ankathawira ku nkhani za mvula anayamba kuitsamiritsa pakhomo Kezia asanatsike n'komwe pa njinga. Mapepala anayamba kunena zoona, ndipo kafukufuku sanatsekedwe.

Mwina mukufuna kudziwa chimene chinapambana, mapilitsi kapena papaya. Zimenezo akatswiri akadaziunika, ndipo ine si dokotala. Musathamangire kukasinja nthangala musanafunse kuchipatala. Chimene ndikudziwa n'chakuti pamapiri amene aja panalibenso wodwala wa m'kafukufukuyo amene anakhala sabata yathunthu akuvutika popanda wodziwa.

A Agustino anakhala ndi moyo miyezi ina isanu ndi itatu. Khansa sinawachoke, koma ankagona tulo, ankapita kutchalitchi powakweza pa njinga, ndipo anaona fodya wawo akulongedwa m'mabelo. Tsiku lina anamulandira Kezia akugwedeza ndodo m'mwamba, mfundo zili mbwee.

"Waona, mwanawe? Sabata ino ndakolola!"

Anaseka onse mpaka akazi awo anatuluka m'nyumba kudzafunsa chimene chachitika.

Pomwalira, anapita mwakachetechete, dzanja lili lotambasuka pabulangete. Pamaliro pake, akazi awo anamuitanira Kezia pambali n'kumupatsa kanthu kokulunga m'nsalu. Inali ndodo yoyamba ija, ya zingwe zopanda mfundo, imene Mayi Tabita anawabwezera agogowo.

"Anati ndidzakupatse iwe. Anati ndi kalata imene bambo ako analephera kukulembera."

Lero Kezia ali m'chaka chachiwiri kusukulu ya anamwino. Ndodo ija anaipachika pamwamba pa bedi lake, ndipo anzake akamufunsa, amawafotokozera zonse popanda kumeza mawu.

Inu amene mayeso anakugwetsani kawiri, inu amene munataya wokondedwa ndipo mukudziimbabe mlandu kuti simunaone msanga, chilonda chanucho chikhoza kukhala maso amene ena alibe. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Koma kwathu kuno alipo ambiri amene amva m'mimba, manyazi awagwira dzanja. Pitani mukawatsegulire ndinu. Ndipo pa zanu zomwe, dzukani muyesenso, osataya mtima.