Tsiku Limene Anandichotsa pa Foda ya Magazi

Kompyuta itafika pa kachipatala kathu kufupi ndi Golomoti anaipereka kwa ine, poti ndinali kalaliki. Tinali ndi imelo imodzi ya tonse, ndipo m'kati mwake ndinatsegulamo mafoda: ya mankhwala, ya malipoti a pamwezi, ndi ya zotsatira za magazi amene tinkatumiza kukayezetsa ku chipatala chachikulu. Ndine ndinkagawa zilolezo: uyu azingowerenga, uyu azilembamo, uyu azithanso kufufuta. Ineyo ndinkalowa paliponse, ndipo kunena zoona ndinkadzimva shuga.

Chaka chimenecho mng'ono wanga anapeza mwamuna, wokonza njinga pamsika. Kwathu kulibe chinsinsi, ndiye wina anamuona mwamunayo akupereka magazi okayezetsa kuchipatala kwathu, nkhani n'kufika kwa amalume. Amalumewo ndi amene anandilipirira sukulu mayi atamwalira, ndipo ndi iwo anali ankhoswe a ukwatiwo. Lamlungu titatuluka ku Misa anandiitanira pambali.

"Mphwanga, akuti zonse zimafikira m'makina ako aja. Ungosuzumira. Sukuuza dziko, ukuuza ine."

Ndinati ndiona. Malume sumuyankha kuti ayi pamaso, makamaka amene anagulitsa mbuzi zake kuti iwe udziwe kulemba. Komanso ndisaname, nanenso mtima unkandiyabwa. Mng'ono wanga ndi mng'ono wanga. Koma ndinkadziwa kuti ndikangotsegula, ndagulitsa munthu amene anatipatsa mkono wake motikhulupirira, ndipo ntchito nayo ikhoza kuthera pomwepo.

Amalume anayamba kubwera kuchipatala osadwala. Ankakhala pakhonde la ofesi yanga, chipewa pabondo, kumapereka moni kwa aliyense wodutsa. Anamwino aakulu, mayi wosaseka wamba amene tonse tinkamuopa, anawaona kangapo. Tsiku lina anamwinowo analowa muofesi n'kutseka chitseko.

"Tsegula paja umagawira zilolezo," anatero. "Foda ya magaziyo mwini wake ndikhale ine. Ukatero, dzina lako ulichotsepo."

Ndinapsa mtima koopsa. Makinawa ndinawaphunzitsa ndine, iwo mpaka nthawiyo ankalemba ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola chimanga. Ndinafunsa ngati ndalakwa kanthu.

"Sunalakwe, mwanangu. N'chifukwa chake ndikuchita lero, osati mawa. Nanenso ndili ndi abale."

Ndinasankha dzina lawo, n'kulipatsa mphamvu zonse. Kenako ndinasankha langa n'kulichotsa. Anandiuza kuti ndiyese kutsegula, fodayo n'kukana. Anagwedeza mutu n'kubwerera kwa odwala awo. Madzulo ake ndinapalasa njinga kubwerera kunyumba ndikulalata ndekha mseu wonse.

M'mawa mwake amalume anabweranso. Ndinawalowetsa, n'kuwapatsa mpando, n'kutembenuzira kompyuta kwa iwo.

"Onani nokha, amalume. Apa ndi pa magazi paja."

Ndinadina. Inakana. Ndinadinanso, chimodzimodzi. Anasendeza nkhope pafupi ngati angawerenge Chingerezicho, kenako anafunsa amene watseka.

"Anamwino aakulu. Ndikawaitane?"

"Iyayi, iyayi! Mayi uja? Asiye agwire ntchito."

Anaseka, nanenso ndinaseka. Sindinawakanize, sindinawanamize, ndipo anatuluka ndikadali mphwawo. Akuvala chipewa anati nkhaniyi akaikamba ndi ankhoswe a kuchimuna, anawo akayezetse limodzi n'kuuzana okha. Atapita ndinakhala pampando nthawi yaitali, mtima uli myaa.

Anamwino aja anapuma ntchito n'kubwerera kwawo ndisanawathokoze bwinobwino. Tsiku lowatsanzika ndinangowapatsa kathumba ka mpunga. Iwo anangoti ndisamale makinawo. Koma ndimawathokoza mpaka lero. Ine ndinkaona ngati andilanda udindo, pamene iwo anali atanditula katundu amene msinkhu wanga sukanamusenza.

Ukwati unachitika. Chimene mng'ono wanga ndi mwamuna wake anauzana ndi chawo. Alamu angawo amabwera kwathu, timadya mbale imodzi, amandiseka kuti ndine wouma manja, ine n'kuwabwezera. Zimene zinali m'foda ija sindinazidziwe, ndipo akandipatsa moni ndimawayang'ana m'maso.