Dzina la Achimwene pa Kolona

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawanamiza amayi, ndipo bodza limenelo silinandisiye mpaka lero. Tinkakhala m'mudzi wina wa m'mapiri a ku Ntchisi, ulendo wa ola limodzi panjinga kukafika pa Malomo. M'mwezi wa Juni chaka chimenecho, achimwene anga a Fabiano anagwa pa lole ya fodya n'kufera pomwepo. Anali atasiya kale kupita ku Misa, ndipo tsikulo anali atalawako kachasu. Anapita osalapa, osadzozedwa mafuta.

Amayi sankalira mokweza. Chinkawadya mumtima chinali Purigatoriyo, kumene mizimu imayeretsedwa isanalowe kumwamba. Madzulo aliwonse nkhuku zikamalowa tinkagwada pamphasa kuchita Kolona, ndipo tikamaliza ma Tikuoneni Maria khumi alionse, iwo ankati, "Za Fabiano mwana wanga, kuti atuluke m'moto." Abambo, omwe anali a Chipresibateriya, sankatsutsa. Ankangonyamula mpando wawo kukakhala pakhonde.

Novembala atayandikira, akatekisiti analengeza kutchalitchi za indulujensiya. Anati m'masiku oyamba a mweziwo, munthu akalapa, akalandira Ukaristia, akapempherera zofuna za Papa, n'kukalowa kumanda kukapempherera akufa, chilango chonse chotsala cha mzimu umodzi chimachotsedwa. Amayi miyendo inali itatupa ngati mitondo, moti ngakhale kuchitsime sankafika. Anandiitana.

"Rozina, upite ndiwe m'malo mwanga. Ukalowe ndithu mpaka pamtumbira pake, ukagwade. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Kulapa ndinalapa, kulandira ndinalandira. Vuto linali manda. Kwathu manda ndi nkhalango yowirira, ndipo mwana wamkazi aliyense ankadziwa kuti zilombo za gule zimatulukira mmenemo. Pamaliro a achimwene ana tinatsala kunyumba, choncho ndinali ndisanapondemo. Tsiku lopita kumandako Akhristu a mphakati wathu, kagulu kathu ka mapemphero ka m'mudzimo, anali atapempha chilolezo kwa amfumu, ndipo tinanyamuka masana dzuwa likuswa mtengo, akatekisiti patsogolo ndi mtanda, azimayi pambuyo akuimba. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa.

Titafika polowera, mphepo yozizira inatuluka m'mitengomo n'kundikhudza kumaso. Panthambi ina panali kansanza kofiira kakulendewera, ndipo pansi pake panali nthenga za nkhuku. Ndinaima. Ndinachita ngati ndabayidwa ndi minga, ndinawerama, anthu onse n'kudutsa. Kenaka ndinakabisala kuseri kwa chulu, m'munda wa eni wosoosa kale, ndipo mantha anali otere moti ngakhale Atate Athu mmodzi sindinanene. Ndinkangomva nyimbo ikuzimirira m'nkhalangomo. Atatuluka ndinalowa pakati pawo ngati munthu wabwinobwino.

Amayi ndinawapeza atakhala pakhomo, maso ali kunjira.

"Wagwada pamtumbira?"

"Eya."

"Pakuoneka bwanji?"

"Pali bwino. Pamera kaudzu."

Anatseka maso, misozi n'kuyamba kutsika mwakachetechete. "Watuluka mwana wanga," anatero. "Zikomo Ambuye, watuluka." Tsiku limenelo anadya n'kupempha zina, chinthu chimene anali asanachite chimwalirire achimwene. Ine ndinadziuza kuti bodza langa lachiritsa munthu, ndipo ndinayamba kudziona ngati wochenjera.

Kuchenjerako kunathera pamphasa madzulo omwewo. Titamaliza khumi oyamba ndinadikira dzina lija, koma silinabwere. Amayi anangopitiriza. Ndinawakumbutsa, ndimayesa aiwala.

"Za achimwene, amayi?"

"Iyayi, uja sasowanso mapemphero athu. Tsopano ndiye azitipempherera ife. Tizitchula ena amene alibe owakumbukira."

Apa m'pamene ndinaona chimene ndinachita. Sindinangolephera kuwatulutsa achimwene. Ndinawalandanso munthu yekhayo amene ankawatchula dzina tsiku ndi tsiku. Ndinkawaona m'maganizo ali m'motomo, atavala malaya awo abuluu ong'ambika paphewa, akutchera khutu kudikira mawu a amayi, koma kuli zii.

Kuulula ndinkafuna, koma ndikayang'ana nkhope ya amayi, imene inali itayambanso kuseka, ndinkangozisiya. Ndiye ndinayamba kuba. Pa Kolona, amayi akamapuma kuti ayambe khumi ena, ine ndinkanong'ona dzinalo milomo yokha, mofulumira ngati mwana wakuba shuga. Popita kusukulu ndinkalitchula, potunga madzi ndinkalitchula. Chaka chotsatira ndinati ndilimba mtima ndilowe, koma amayi anandiletsa. Anati ntchito ija inatha, ndikhale ndiziwasisita miyendo.

Amayi anamwalira patapita zaka zitatu, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akukakumana ndi mwana wawo. Pamaliro awo m'pamene ndinalowa koyamba kumanda kuja, ndipo ndinachita kufunsa azakhali kuti andilozere mtumbira wa achimwene. Panalibe kaudzu kalikonse. Panali miyala ndi masamba ouma okhaokha.

Nditakula ndinakalapa zonsezi, ndipo wansembe anandiuza mofatsa kuti chifundo cha Mulungu sichingatsekedwe ndi mantha a mwana. Mutu wanga unavomera. Mtima sunamve msanga, ndipo sindinganame kuti unamva zonse.

Lero ndili ndi zidzukulu, ndipo chimene ndikumvetsa n'chakuti kumuuza munthu wolira kuti zatha, pamene sukudziwa, ndi kumulanda ntchito yokhayo imene chikondi chake chinatsala nayo. Ntchitoyo sifera m'njira, imagwera wonamayo. Ana anga amadabwa kuti bwanji pa Kolona ndimatchulabe malume awo amene sanawaonepo, munthu woti anamwalira kalekale. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anandifunsa moseka kuti, "Amayi, kodi a Fabianowo sanatulukebe?"

Ndinamuyankha zimene ndinayenera kuwayankha amayi tsiku lija. Ndinati sindikudziwa.